Odwala Awiri, Mapiritsi a Munthu Mmodzi

Ana anga, mwakhala mukundipempha kuti ndilembe za ntchito imene ndinagwira, poti muli kutali ndipo pa foni timangokamba za sukulu ya adzukulu ndi za maondo angawa. Ndakhala ndikuzengereza. Chimene chandikhazika pansi ndi nkhani ija unandiuza iwe Chisomo, yoti kumene ukugwira ntchitoko anthu ena akuyesa kuphunzitsa makompyuta kuyang'ana nkhope ndi manja a munthu wodwala maganizo, kuti adziwiretu ngati mapiritsi adzamugwira kapena ayi. Unkanena ukuseka, ngati chodabwitsa cha kunja. Ine sindinaseke. Ntchito imeneyo ndinaigwira ndi maso angawa pa mabenchi a makiliniki a m'mapulazi, ndipo inandisiyira chinthu chimene mpaka lero chimandisautsa. Za ubwana wanga ku komboni ya antchito a pa pulazi munazimva kale kwa azakhali anu. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba.

Tengwe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Ndinayamba pa kakiliniki ka zipinda ziwiri kamene eni mapulazi a fodya ozungulira anasonkherana kumanga. Anandilemba chifukwa cha lilime. Agogo anu aamuna anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya fodya kuno ku dziko la Ashona, choncho ine ndinakula ndikulankhula Chichewa m'nyumba, Chishona kusukulu. Odwala ambiri a m'makomboni anali anthu athu, ena ochokera ku Malawi, ena ku Tete, ndipo achikulire sankatha kulongosola ululu wawo m'Chishona. Maphunziro anga anali ochepa, a wothandizira namwino. Ntchito yanga inali kusesa, kuwiritsa zipangizo, kukweza ana pa sikelo ndi kumasulira.

Bwana wanga anali Sisita Marufu, mayi wa Chishona wamtali, wosaseka wamba, amene anagwirapo ntchito zaka zambiri ku chipatala cha odwala misala asanatope ndi tauni. Tsiku langa loyamba anandiuza kuti tikoke tebulo lawo, tilichotse pakona tiliike pawindo. Ndinkayesa akufuna kamphepo. "Ayi," anatero, "ndikufuna njira. Munthu akafika pakhomo pano amakhala atakonza kale zoti anene. Koma kuchokera pa bulugamu uja mpaka pano sadziwa kuti pali womuona. Uziyamba kumuyeza ali pamenepo."

Kunali matenda ena amene sankaoneka pa kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Ashona amati kufungisisa, ife timangoti maganizo. Munthu sankabwera n'kunena kuti mtima wanga wasweka. Ankati mutu, ankati msana, ankati thupi lonse likuphwanya, ena ankati akumva ngati nyerere zikuyenda m'mitsempha. Pa matenda amenewa tinali ndi mankhwala amodzi okha, timapiritsi totchedwa amitiripitilini. Vuto lake linali loti kuumitsa kukamwa ndi kugonetsa tulo sachedwa, koma kuchiritsa amachedwa. Munthu ankamwa milungu ingapo osaona kanthu, ndipo ambiri ankalekeza panjira n'kupita kwa aneneri. Ndiye kunali kofunika kudziwa woyenera kumulimbikitsa kuti apirire, ndi woyenera kumufunira thandizo lina.

Wodwala amene Sisita anandiphunzitsirapo koyamba anali aNabanda, mayi wosankha fodya m'shedi, amene anaika ana awiri m'manda chaka chimodzi. Tinawaona ali pa bulugamu paja akubwera ngati munthu wowoloka mtsinje wofika m'chiuno. Atalowa anakhala pa benchi, manja ali pamiyendo, zikhatho zili chagada ngati si zawo. Ntchentche inatera pa mlomo wawo n'kumayendapo, iwo osaiingitsa. Ndikawafunsa kanthu, yankho linkabwera nditayamba kale kuganiza kuti sanamve, ndipo linali liwu limodzi: "Mutu." Amuna awo ndiwo anatiuza kuti amadzuka tambala asanalire n'kukhala pamphasa chiyang'anire khoma, ndiponso kuti chakudya amachita kuwakakamiza. Atatuluka, Sisita anati, "Awa mapiritsi awagwira. Uona."

Atabweranso patapita milungu ingapo ndinawafunsa kuti zili bwanji. "Chimodzimodzi," anatero aNabanda. Ndinamasulira mawuwo nditagwa ulesi. Koma Sisita anawapatsa mapiritsi ena nkhope ili yokhutira, ndipo mayiwo atapita anandifunsa kuti, "Waona chiyani?" Ndinati sindinaone kanthu, eni ake anena okha kuti palibe chasintha. "Esnati, makutu ako ndi abwino koma maso ako ndi aulesi. Chitseko chitamenyeka ndi mphepo anacheuka. Duku lero amanga okha, mfundo yake yolimba. Ndipo ntchentche aiingitsa. Thupi limayamba kuchira mwini wake asanadziwe. Pakamwa ndi pomalizira." Pofika nyengo yosankha fodya aNabanda anali atabwerera m'shedi, akukangana ndi kapitao za giredi ya masamba.

Pa zaka zimene ndinakhala nawo, Sisita anandiphunzitsa kusiyanitsa mitundu iwiri ya anthu amaganizo. Ena ankabwera ngati aNabanda, thupi litazizira, nkhope ili gwa ngati thabwa, mawu otsika ndi ochedwa, manja osagwedezeka poyenda. Amenewa kawirikawiri mapiritsi ankawadzutsa. Ena ankabwera akulira, akulankhula osapumira, zala zikupota nsonga ya chitenje, mwendo ukunjenjemera pansi pa benchi. Koma mwana akalowa, kapena ukanena kanthu koseketsa, nkhope yawo inkawala kanthawi. Amenewa mapiritsi ankangowagonetsa, chifukwa chowadwalitsa chinkawadikira kunyumba: mwamuna womenya, njala, maliro osatha. "Awa amafuna munthu wokhala nawo pansi," ankatero Sisita. Koma sankadzitama. Ankati, "Izi sizinalembedwe pamwala. Ndaphonyapo kangapo. N'kulosera chabe, ngati mlimi woyang'ana mitambo." Panali chenjezo limodzi limene ankalinena atandigwira dzanja. Nthawi yoopsa ndi pamene thupi ladzuka koma mtima ukadali m'dzenje, chifukwa munthu amene analibe mphamvu yodzipwetekera tsopano ali nayo. Mapiritsi omwewo akachuluka amapha. N'chifukwa chake sitinkapereka ambiri nthawi imodzi, ndipo tinkasungitsa kwa wachibale wamkulu.

Trelawney, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Sisita Marufu ndiwo anandikankha kuti ndikamalize maphunziro ndikhale nesi weniweni. Anamwalira ndili kusukuluko, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale. Nditamaliza ananditumiza ku Trelawney, kumene ndinapita ndi bambo anu ndi inu awiri mukadali aang'ono.

Kumeneko wamkulu wanga anali Bambo Gwenzi, nesi wachangu, wosaba ngakhale bandeji, koma wotopa mpaka m'mafupa. Zinali zaka zimene Edzi inkatha anthu m'makomboni, moti akalipentala anasiya kukhoma mipando n'kumangokhoma mabokosi. Ndikawauza kuti mayi uyu ali ndi maganizo ankati, "Mai, panjapa pali anthu akutsegula m'mimba mpaka kufa. Woganiza akaganizire kunyumba. Mupatseni panado." Sindiwaimba mlandu, mzere unkafika kumsewu. Komabe ankandilola kuitanitsa amitiripitilini pang'ono, ndipo odwala angawo ndinkawaona masana mzere ukatha, pa benchi ya kuseri pansi pa mtengo wa mango.

Kenako mapulazi anasintha eni. Za ndale sindilemba, munaziwerenga kwina. Ndilemba zimene ndinaona pawindo. Mabani owotchera fodya anazima limodzi ndi limodzi. Anthu amene anabadwira m'komboni, makolo awo ali m'manda kuseri kwa damu, anauzidwa kuti kwawo ndi ku Malawi kapena ku Mozambique, mayiko amene sanawapondepo chibadwire. Ambiri analibe chitupa. Ena ankatitchula pamaso pathu kuti mabwidi, dzina lonyozera obwera. Amene anatsala ankakhalira maricho, kulima m'munda wa wina tsiku lonse n'kulandira kambale ka chimanga. Bambo anu anatsika pa thirakitala ya pulazi imene ankayendetsa osakweranso, ndipo anatisiya m'zaka zomwezo, monga mukudziwa. Ndi pamene ndinakutumizani kwa azakhali anu ku Norton kuti musasiye sukulu. Pawindo ndinayamba kuona amuna akuluakulu akuyenda mayendedwe a aNabanda aja. Anthu amene belu la pulazi linkawadzutsa moyo wawo wonse tsopano analibe chowadzutsa. Odwala maganizo anachuluka pa nthawi yomwe galimoto yobweretsa mankhwala inayamba kujomba. Mwezi uno yabwera, wotsatira ayi, kenako inalekeratu.

Trelawney, kumapeto kwa zaka za m'ma 2000

Chaka cha njala yaikulu, pamene ndalama zinasanduka mapepala ndipo m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha, Bambo Gwenzi anapita ku Botswana. Ananditsanzika mwaulemu n'kundisiyira makiyi. Ndinatsala ndekha. M'kabati munali mabandeji, timapaketi tochepa ta mchere wa otsegula m'mimba, ndi kachitini kamodzi ka amitiripitilini kotsegulidwa kale. Mapiritsi a m'menemo akanakwana munthu mmodzi miyezi ingapo. Kugawira anthu awiri kukanakhala kutaya, chifukwa aliyense akanalekeza panjira mankhwala asanagwire bwino. Ndiye mlungu umodzi womwewo kunabwera anthu awiri.

Oyamba anali Bambo Zuze, mkulu wochokera ku Tete amene anasonkha moto m'mabani a fodya moyo wawo wonse. Ndinkawadziwa ngati munthu wanthabwala, woti maliro akawawa anthu ankawayang'ana iwo kuti awaseketseko. Mwana wawo wamkazi, Rozina, anawabweretsa pa wilibala. Sanali olumala, ankangosowa chifukwa chonyamulira mwendo. Akazi awo anali atamwalira, ndipo bani lawo anthu anali ataligumula kufuna njerwa. Nditawapatsa moni anandiyang'ana pachifuwa, osati m'maso, ndipo mawu oti "Ndili bwino" anatuluka nditaiwala kale kuti ndafunsa. Malovu anali atauma pakona pa mlomo, osawapukuta. Rozina anati, "Mai Nesi, bambo akutha. Ndikawakhazika padzuwa m'mawa ndikupita ku maricho, ndimawapeza pomwepo dzuwa litawaotcha n'kuwapitirira. Kachimanga kamene ndapeza ndikaphika, amangoyang'ana mbale."

Wachiwiri anali Filesi, make Joji, mayi wachitsikana wa ana atatu. Ana ake onse anabadwira m'manja mwanga, ndipo malemu mayi ake anali mnzanga wa ku bungwe la amayi ku tchalitchi. Mwamuna wake anawoloka kupita ku Joni n'kuzimiririka. Filesi sanathe kukhazikika pa benchi. Ankakhala, kuimirira, kupita pakhomo, kubwerera, kamwana kotsiriza kali kumsana. Misozi inkatsika akulankhula, zala zikupota chitenje mpaka ulusi kutuluka. "Amai, sindikugona. Mutu ukuzungulira ngati chigayo. Ndikawaona anawa ndimafuna kuthawa, ndikawasiya ndimafuna kufa. Ndamva muli ndi mapiritsi a maganizo. Ndipatseniko, ndigoneko ngati munthu." Ali mkati molankhula, mwana wa kumsana uja anayetsemula. Filesi anatembenuza khosi, anamwetulira pang'ono, n'kumupukuta mphuno ndi chala. Kumwetulira kumeneko ndinakuona, ndipo ndinalakalaka ndikanapanda kukuona.

Ndinakhala pa benchi ya kuseri masana onse kachitini kali m'manja. Mtima unkati Filesi. Ndi wamng'ono, ali ndi ana atatu, ndi mwana wa mnzanga, pamene Bambo Zuze adya kale zaka zawo. Maso ankati Bambo Zuze. Zonse zimene Sisita Marufu anandionetsa zinali pa thupi la mkuluyo, ndipo zonse zimene anati mapiritsi sazigwira zinali pa thupi la Filesi. Panalinso zina. Filesi ankayamwitsa kamwana kofooka kale, analibe wamkulu m'nyumba womusungira mankhwala, ndipo imfa anali ataitchula ndi pakamwa pake. Bambo Zuze anali ndi Rozina. Panalibe dokotala womufunsa, foni ya pakiliniki inali itafa kalekale. Ndinapemphera, koma sindinamve yankho lililonse. Ndinasankha mkuluyo.

Filesi ndinapita kukamuuza ndekha kwawo, kuti asamvere kwa anthu. Ndinamupeza akuchapa matewera popanda sopo.

"Make Joji, mapiritsi aja sindikupatsa."

Anaweramuka, madzi akudontha m'zigongono. "Atha?"

"Alipo ochepa. Ndapatsa Bambo Zuze."

"Sekuru aja? Agogo ongokhala aja?"

"Iwowo mankhwalawa angawadzutse. Iwe angangokugonetsa, ndipo mwana akuyamwa. Chakudwalitsa iwe ndi njala ndi kusiyidwa, mwanawe. Ndizibwera kudzakhala nawe. Ndiwauzanso amayi a ku tchalitchi azisinthana kukuyendera."

"Ndiye mwandiyeza ndi chiyani, Amai? Simunandigwire n'komwe."

"Ndakuona."

"Mwandiona," anabwereza, n'kuwerama kupitiriza kuchapa.

Ndinkapitadi. Ndinkamugawira ufa wanga ndikakhala nawo, ndinkakhala naye pakhonde akulira n'kumalankhula za mwamuna wake. Amayi a ku tchalitchi anabwera poyamba, koma aliyense anali ndi njala yake, ndipo anayamba kuchepa mpaka anatha.

Rozina ankabwera mlungu uliwonse kudzatenga mapiritsi a bambo ake. Poyamba panalibe chosintha, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndataya mankhwala. Kenako tsiku lina ndinapita kukawaona, ndinawapeza padzuwa paja, nyerere ikukwera mwendo wawo. Anaiyang'ana, anaidikira ifike pabondo, n'kuikankha ndi chala. Ndinatsala pang'ono kululuta. Pambuyo pake anayamba kusuntha mpando kutsata mthunzi. Kenako anapempha fodya wa pamphuno. Tsiku lina ndikufika anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Mai Nesi, mwaonda. Kodi nesi akadwala amapita kwa ndani?" Rozina anakhala pansi n'kulira. Posakhalitsa mkuluyo anayamba kukonzera anthu mipini ya makasu ndi kutchera mbewa kuti adzukulu apeze ndiwo. Anabwera ku kiliniki ndi miyendo yawo, ndipo ndinawaona pawindo manja akugwedezeka poyenda. M'chaka chonsecho, chabwino chimene ndinaona ndi chimenecho basi.

Mvula itayamba, matenda otsegula m'mimba analowa m'komboni. Filesi anali atasiya kutuluka m'nyumba, mkaka utauma. Ine masiku amenewo ndinkachoka pakiliniki kutada chifukwa cha odwala, ndipo ndinatha mlungu osafikako. Kamwana kake, Tadala, anabwera nako mochedwa, maso atalowa kale. Ndinakamwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni, dontho ndi dontho. Diripu ndinalibe. Ambulansi inalibe mafuta. Kanamwalira pa tebulo langa dzuwa lili paliwombo. Filesi sanalire. Anakabereka kumsana ngati kamoyo, anamanga chitenje, n'kutuluka. Ndinamuyang'ana pawindo mpaka kumsewu, ndipo mayendedwewo ndinawazindikira. Manja anali lende, osagwedezeka, miyendo ikukokedwa ngati m'madzi. Tsopano thupi lake linali la munthu amene mapiritsi angamugwire, ndipo m'kachitini munali mutatsala a masiku ochepa.

Maliro atatha ndinakwera lole ya nkhuni kupita ku chipatala chachikulu kukapempha mankhwala. Wosunga mankhwala kumeneko, bambo waulemu wake, anangotsegula chitseko cha chipinda chosungiramo kuti ndione ndekha. Ndinabwerera chimanjamanja.

Bambo Zuze ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo. Nditawauza kuti mapiritsi akutha ndipo ena kulibe, anaika kasemasema pansi.

"Ndiye zibwerera?"

"Mwina ayi, Bambo. Ena amakhala bwino ngakhale atasiya."

"Mai Nesi, musandinyengerere ngati mwana. Ine ndinali m'dzenje. Mmenemo sindinkamva njala, sindinkamva kuti mkazi wanga kulibe, sindinkaona nthiti za adzukulu angawa. Mwanditulutsa, ndaona zonse. Lero mukuti chingwe chaduka?" Kenako anati, "Sindikukutukwanani. Munachita ntchito yanu. Koma mukanandisiya momwemo."

Anakhala bwino mpaka chimanga chitamasula ngayaye. Kenako Rozina anabwera kudzandiuza kuti asiyanso kusuntha mpando. Nthawi yomweyo amene anatenga pulazi anafuna nyumba za komboni kuti aikemo antchito ake, ndipo anthu anamwazikana. Rozina anakweza bambo ake pa ngolo pamodzi ndi mapoto, kupita kwa achibale kutali. Ndinadzamva kuti anamwalira nyengo yozizira isanafike, atasiya kudya. Filesi naye anatengedwa ndi mchimwene wake pamodzi ndi ana awiri otsalawo. Sananditsanzike.

Norton, zaka zomalizira

Komboni itatha anthu, kiliniki inatsekedwa, ndipo ananditumiza kuno ku Norton, kumene ndinagwira ntchito mpaka kupuma. Kuno mankhwala ankapezeka nthawi zina, ndipo kunabweranso ena atsopano osaumitsa kukamwa kwambiri. Ndinathandiza anthu ambiri, ena amandipatsabe moni m'makombi, maminibasi a kuno. Koma ndinasiya kunena molimba mtima kuti uyu amugwira, uyu ayi. Anamwino achinyamata akandifunsa, ndinkawaonetsa za manja ndi za mayendedwe, kenako ndinkawauza kuti apatse aliyense wofunika ngati alipo, ndipo apemphere kuti asadzatsale ndi kachitini kamodzi. Maso okha ndiwo anakana kupuma ntchito. Ku tchalitchi ndimapezeka ndikuyang'ana zala za anthu pa miyendo yawo ulaliki ukudutsa.

Chaka chimene ndinapuma ndinapita pa musika wa pafupi ndi pokwerera makombi kukagula tomato. Wogulitsayo anali mayi wathupi ndithu, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa duku, manja akusanja milu mwachangu. Manjawo ndi amene ndinawazindikira.

"Make Joji?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Amai," anatero. Sanaimirire.

Ndinafunsa za ana. Anati Joji ali kokumba golide, amatumiza mawu mwa apo ndi apo, ndipo wamkazi anakwatiwa ku Chegutu. Ndinafunsa za iye mwini. Anati kwa mchimwene wake anakhala pafupifupi chaka osalankhula, alamu ake akumusambitsa ngati mwana. "Kenako tsiku lina ndinangodzuka n'kutenga tsache. Mankhwala sindinamwepo ngakhale limodzi." Anayamba kundiikira tomato m'pepala, kenako anafunsa osandiyang'ana, "Sekuru aja anachira?"

"Anachira kanthawi. Mapiritsi atatha zinabwerera, n'kumwalira."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye sanapulumutse aliyense."

"Mapiritsi aja sakanabweretsa mkaka, mwanawe. Sakanabweretsa diripu." Ndinanena zimenezi chifukwa ndi zoona, ndipo mpaka lero ndikukhulupirira kuti ndi zoona.

"Mwina," anatero Filesi. Mawu ake anali ofatsa, opanda mkwiyo. "Koma ndikanagonako. Mutu ukanakhala pamalo, ndikanaona msanga kuti maso a Tadala akulowa. Amai, munati mwandiona. Munaona manja anga, munaona nkhope yanga. Nanga uja anali kumsana, munamuwerengera?"

Ndinamuwerengera. Ndinamuwerengera ngati chifukwa chomukanizira mayi ake. Koma mawu amenewo si onena kwa munthu amene anabereka mtembo kumsana. Ndinatsegula pakamwa, ndipo nthawi yomweyo panafika mayi wina wofuna anyezi, Filesi n'kutembenukira kwa iye. Ndinaima pamenepo ndi pepala langa m'manja mpaka ndinazindikira kuti ndikutchingira ogula.

Ana anga, ndimapitabe pa musika umenewo. Pali ogulitsa ambiri, ena tomato wawo ndi wabwino kuposa wake, koma ndimagula kwa Filesi. Amandipatsa moni, amandifunsa za maondo, nthawi zina amandiikira basela. Funso lija sanalibwerezenso, ndipo ine sindinaliyankhe.